Za Goliati, Musanamve kwa Ena

Mzuzu
17 Julaye

Okondedwa achemwali a Bibiana,

Ndikhulupirira muli bwino inu ndi alamu pamodzi ndi ana kumeneko ku Milepa. Nanga mwendo wa ababa uja unaphwa? Ine thupi lili bwino. Kalatayi ndapatsira a Gracious amene akubwera ku Mbulumbuzi, chifukwa zimene zili munomu ndayesa kawiri kuzinena pa foni, koma ndalephera.

Munamva kuti Goliati, mnzanga uja tinkapalasa naye kabaza pa Milepa tisanabwere kuno, anagwa pa njinga. Ndinakuuzani kuti wangosupuka bondo. Ndinanama, achemwali.

Abwana anga a pashopu pamene ndimakonza njinga ali m'gulu la anthu opalasa njinga m'mapiri. Chaka chino anakonza ulendo wa masiku asanu, kuchokera ku Rumphi kudutsa pamwamba pa Nyika, kuti anthu akufuna kwabwino apereke thandizo lokumbira mijigo m'midzi ya kumeneko. Tinalipo makumi awiri ndi atatu, ena azungu, ena a m'maofesi a ku Lilongwe. Ine ananditenga kuti ndizipalasa nawo uku ndikukonza njinga zikawonongeka. Malo amodzi atatsala, ndine amene ndinatchula dzina la Goliati. Iye ankakana, ankati makasitomala ake a kumsika amuiwala. Ndinamunyengerera mpaka analola.

Masiku awiri oyamba anasangalala ngati mwana. Anthu a njinga zopepuka aja ankawasiya pachitunda, n'kukawadikira pamwamba akudya nthochi. Mzungu wina atamufunsa kumene anaphunzira, anayankha kuti kwawo amakwera chitunda ali ndi thumba la nandolo pakaliyala, mwini thumbayo atakhala pamwamba pake. Kuzizira kwa kumeneko chiperoni cha kwathu n'chabwino. M'mawa udzu umayera, zala zimakana kugwira sipanala. Ukhoza kupalasa tsiku lonse osaona denga la nyumba, mbidzi zokha.

Tsiku lachitatu m'mawa Goliati anandiuza kuti buleki yake ikulira. Nditayang'ana ndinaona kuti mapadi ake, timphira tija timagwira tayala, adyeka. Atsopano ndinali nawo okwanira njinga imodzi yokha, ndipo mayi wina wa ku Lilongwe, mnzawo wa abwana, anali atandidandaulira kale za yake. Ndinaika kwa mayiyo. Goliati ndinamuuza kuti iye ndi katswiri, afika nayo, madzulo ndiona chochita. Anaseka n'kukwera.

Dzuwa lili paliwombo tinayamba kutsika phiri, njira ya miyala yokhotakhota. Ndinali kumbuyo kwake. Ndinamuona akukwekwesa phazi pansi, fumbi lili kobo, ndipo atafika pokhota sanakhote. Tinakamupeza m'chigwembe, ali chagada pamwala, akutifunsa kuti miyendo yake ili kuti, chonsecho inali pomwepo.

Mafoni sagwira kumeneko, ndipo galimoto yotiperekeza inali itazungulira njira ina. Namwino amene tinali naye anatiletsa kumupinda msana. Tinadula mitengo iwiri, kumangirira tenti pakati, n'kumunyamula mosinthana maola anayi mpaka pamsewu. Njira yonseyo sanalire. Ankangopempha madzi ndi kutipepesa kuti watilemetsa.

Tsopano masabata awiri atha ali m'chipatala kuno. Adokotala akuti msana unathyoka, ndipo kuyambira m'chiuno kutsika m'munsi sadzamvanso kanthu. Sadzayendanso, achemwali. Zengerezu analinda kwawukwawu, koma amene ati akwaweyo si ine wozengereza.

Anzathu ena anamaliza ulendo, ndipo akuti mijigo ikumbidwa. Amabwera kudzamuona, alonjezanso njinga ya olumala. Mayi wa ku Lilongwe uja anabwera ndi bulangete latsopano, analira kwambiri, osadziwa chilichonse. Ine Goliati ndimamusambitsa m'mawa ndisanapite kuntchito, madzulo ndimabwereranso. Ndimayenda wapansi. Njinga ndimazikonzabe poti ndiyo ntchito, koma kukwera ayi.

Lamulungu lapitali ndinamuuza zoona za mapadi aja, kuti analipo ndipo ndinapatsa wina. Ndinati andikalipire, anditukwane mmene angafunire. Anayang'ana kudenga. Kenako anati, "Dominiko, nditembenuze, phewa ili latopa." Ndinamutembenuza. Mpaka lero sanaitchulenso nkhaniyo, ndipo sindikudziwa ngati kumeneko ndiko kukhululuka kapena ayi.

Pempho langa ndi limodzi. Amayi ake, a Dainess, akudziwa za bondo zomwe zija. Goliati anandiletsa kuwauza, akuti tidikire akolole kaye nandolo mtima uli m'malo. Koma anthu a kwathu kuno alipo ambiri, ndipo ndikuopa kuti adzamvera pachigayo kapena pamaliro. Chonde mupiteko nokha, musatume munthu. Mutenge amayi amodzi a kumphakati wa kutchalitchi amene amagwirizana nawo, muwapeze a Dainess ataweruka kumunda, muwakhazike pansi. Muwauze zonse mmene ndalemberamu, ndi za mapadi zomwe, musadumphe pofuna kunditchinjiriza. Adokotala akatilola ndidzabwera naye ndekha, ndipo sindikufuna kuti tsiku limenelo adzandigwire m'manja kundithokoza kuti ndinawasamalira mwana wawo.

Ababa muwauze pang'onopang'ono, mukudziwa mmene amamukondera Goliati. Mundiperekere moni kwa iwo, kwa alamu a Rafaeli, kwa Thandizo ndi Tracy, ndi kwa azakhali ku Kadewere. Lamulungu pa Misa mumutchule Goliati dzina. Ngati mpata utsala, munditchule nanenso.

Tsalani bwino.

Ndine mlongo wanu,
Dominiko