Mizere Itatu ya Nyemba

Achimwene anga Bedhasa,

Muli bwanji kutauni ya Adama uko? Alamu ndi ana ali bwanji? Kuno tonse tilipo, kupatula nyemba.

Mwina mwamva kale, poti nkhani yoipa ya ine siichedwa panjira. Munda wa kumtunda uja wapserera, ndipo bambo akuti aupereka kwa amalume a Gutema Loweruka lino kuti adzalemo tefu, mbewu ija yonga mawere.

Paja ife tili ndi ng'ombe imodzi, amalume imodzi, goli n'logawana. Ndinawauza kuti nyemba zimafuna kudzalidwa ndi mvula yoyamba. Iwo anati mwambo ndi woti wamkulu ayambe kulima, ndipo mtsikana amene yunivesite inamulavula asawaphunzitse kuwerenga mitambo. Anatha masabata atatu akukanda kamunda koti nkhuku ingapalase tsiku limodzi.

Ndinadzala mochedwa, koma sindinagonje. Ndinapeza mankhwala aja othandiza kuti maluwa a nyemba asayoyoke, n'kupopera. Patangotha masiku awiri masamba onse anakwinyika. Amalume anabwera ndi anzawo kudzaonerera. Ankafunsa ngati digiri ya theka imaberekanso nyemba za theka. Panopa ngakhale kuchitsime akunditcha Dokotala wa Maliro.

Bambo akuti mankhwala a kusukulu ndiwo apha munda. Ine ndakhala ndikukalipa kuti vuto ndi kuchedwa kudzala. Tonse tikunama, koma ine ndikunama ndikudziwa.

Achimwene, sipuleya yopoperayo ndinabwereka kwa amalume omwewo. Dzulo lake anali atapopera mankhwala opha tchire m'tefu wawo, ndipo ine sindinaitsuke. Chinthu chimene tinaphunzira sabata yoyamba yeniyeni! Ndinkathamangira kuti aone kuti ndikudziwa.

Amalume anandilanda sipuleyayo ndisanamalize, ndiye mizere itatu ya kumalire ndinaiwaza ndi tsache kuchokera m'chidebe. Mizere imeneyo yabereka mpaka nthambi kugwa pansi. Dzulo ndinawerenga makoko makumi atatu ndi anayi pa phata limodzi. Palibe amene wapita kukaona, ndipo sindinaitane munthu, chifukwa akaona afunsa chimene chapha inayo.

Bwerani Lachisanu, chonde. Bambo amamva mawu a mwana wamwamuna ngakhale akunena zopanda mutu, ndiye anu agwireko ntchito kamodzi. Muwatengere kumalireko akawerenge okha, muwapemphe andisiyire mundawo chaka chimodzi chokha, ndipo ulendo uno goli liyambire kwathu.

Za sipuleyazo musandinenere. Ndinena ndekha, amalume ali pomwepo. Aseke mpaka mano awo atatu aja agwe, bola pulawo isalowe m'mizere yanga.

Mulungu akusungeni. Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo muuze mwana wanu Ayantu kuti azakhali ake amusungira nyemba zodzaza chipewa, zonse zimene ali nazo.

Ndine mlongo wanu,
Lelise