Keke ya Vanessa

Lachitatu, 26 Sepitembala

Akunditengera mwamuna ine ndikuona, ndipo ndilibe womuuza.

Mwamuna wanga Weston wapeza ganyu ya sabata imodzi kunyanja, kumanga mahema a anthu obwera kuphwando la zoimbaimba. Amumanga kachingwe kofiira pamkono, ati ndi kolowera pageti. Savula ngakhale posamba. Masana ndamuona pamsika akunyamulira chikwama mtsikana wa ku Lilongwe, wovala kakabudula. Ine mwana wathu Olive ali kumsana, dengu la chinangwa pamutu. Weston wangondikwezera nsidze ngati tinangophunzira limodzi.

Lachinayi, 27

Dzina lake ndi Vanessa. Wandiuza ndi Tereza, wa nyumba yoyandikana nafe, amene amachapa ku loji komwe kuli phwandoko. Ati gulu lawo limasuta chamba poyera, ena kumeza timapilisi, ena kuthira mankhwala a chifuwa mu zakumwa. "Kuvina kwake kungogwedera, maso ali psu." Ndafunsa, nanga Weston? Tereza wayamba kukamba za kudula kwa sopo.

Lachisanu, 28

Weston wabwera dzuwa litatuluka, maso ofiira, kuseka chilichonse. Kondowole wa dzulo wamaliza yense ali chiimire.

"Bambo a Olive, mwagona kuti?"

"Iwe, ndi ntchito. Anthu aja sagona."

Ine ndiye ndimagona?

Pochapa buluku lake ndapeza kanthu m'thumba. Keke yakuda, yolumidwa pakona, yokulunga m'pepala lonyezimira. Ikununkha zitsamba. Papepalapo wina wajambula kamtima. Ndadziwiratu, ndi konda ine. Mkazi sapatsa mwamuna wa mwini keke yonunkha chonchi pachabe.

Ndimati nditaye kuchimbudzi. Ayi. Chaka chatha nditakadandaula kwa ankhoswe athu, a Fraser, anati umboni uli kuti mwanawe? Ulendo uno augwira m'manja. Ndaibisa m'kachitini pansi pa bedi. Lamlungu tikaweruka kutchalitchi ndikawapatsa.

Loweruka, 29

Weston wapisa m'matumba monse. "Sunaone kanthu?" Ndati kanthu kanji? Wangotuluka. Mtima wanga wakondwa, Mulungu andikhululukire.

Ng'oma zawo zikumveka mpaka kuno. Olive akuvina pakhonde, kugwa, kudzuka, kuvinanso. Mwana wa bambo ake.

Ndadziyang'ana pakagalasi nthawi yaitali. Vanessa sanavuulepo chinangwa, manja ake ndawaona.

Lamlungu, 30



Ndinamusiya Olive ali mtulo, ndikatunge madzi tisanapite kutchalitchi. Pobwera ndapeza kachitini kali pululu, iye ali pansi pafupi ndi bedi, nyenyeswa zakuda kukamwa. Wadya yonse. Poyamba amangoseka. Kenako wasanza, tsopano khosi lili lende, ndikamuitana akutsegula diso pang'ono n'kutsekanso.

Tereza wanunkhiza pepala lija. "Konda ine wa chiyani iwe! Iyi ndi keke ya chamba, akudyetsana pamchenga paja. Nthawi zina amaikamo ndi zina. Munthu wamkulu amangonyema kachidutswa!"

Ine ndaisunga masiku awiri m'nyumba muli mwana. Kuti a Fraser andikhulupirire.

A Zacharia, amuna a Tereza, athamangira kumsewu kukaimitsa galimoto. Lamlungu sizidutsa pafupipafupi. Foni ya Weston ndi yozima. Pageti salowetsa munthu wopanda kachingwe, koma Tereza alonda ake amamudziwa. Ndikulemba kakalata pansipa, nding'ambe kuti Tereza akapatse Weston.

Bambo a Olive, keke mumaifuna ija ndinabisa ndine. Olive wadya yonse, sakudzuka bwino. Tikupita naye kuchipatala. Akandifunsa kuti wadya chiyani, ine sindikudziwa zonse zili m'menemo. Vanessa akudziwa. Bwerani naye. Sindimutukwana, sindimufunsa kalikonse, akhale pafupi nanu ngati akufuna, angowauza adokotala. Siyani mahemawo. Bwerani pompano, chonde.