Masiku Asanu ndi Anayi a Fanuel

Lolemba, 17 Febuluwale 2025
Ndalowetsa mu kompyuta mayina 64 a ofuna kudzaphunzira ntchito zamanja pasukulu yathu pano pa Bangula. Awiri atuluka ofiira: Jesinta wa zosoka, ndi Fanuel, mlongo wanga. Uthenga ndi umodzi, "zaka zapyola." Lamulo limati munthu asakhale atakwanitsa zaka 36 pa tsiku loyamba, 4 Malichi. Fanuel ndi wa pa 8 Malichi 1989. Ndinalipo ine, ndinatumidwa kukaitana azakhali. Ndalowetsa kanayi. Pofiirabe.

Lachiwiri, 18 Febuluwale
Zaka zisanu ndi ziwiri Fanuel ali kutsidya ku Mozambique, kusenza matumba a eni ake. Pamaliro a amayi anangogona masiku awiri. Ndinamunyengerera ndine kuti adzaphunzire kuwotcherera zitsulo, chipinda chakuseri ndinachipaka kale laimu. Chaka chamawa adzakhala atapyoladi.

Waimba masana. Amanditchulabe mana, ndiye kuti achemwali. "Mana, zikakanika mungondiuza. Pali lole ya ku Beira pa 1 Malichi, akufuna munthu." Ndati zonse zili bwino. Bodza.

Lachinayi, 20 Febuluwale
Ndawerenga masiku ake onse papepala, kawiri. 13,145. Kugawa ndi 365, yatuluka 36.01. Ndiye pamenepo! Amene anakonza lamuloli anangogawa ndi 365, osakumbukira zaka zija Febuluwale amafika pa 29. Chibadwire chake zilipo zisanu ndi zinayi. Kompyuta yamukalambitsa ndi masiku asanu ndi anayi. Jesinta chimodzimodzi, iye ndi wa pa 6 Malichi.

Lachisanu, 21 Febuluwale
Ndawaonetsa a Maclean, mkulu wa sukulu. Aseka. "Mayi Juliana, kompyuta ya kulikulu ikalakwitse pa mlongo wanu basi? Ingomubwezani chaka chimodzi, aona ndani?" Ndakana. Tsiku lobadwa likasiyana ndi la pa chiphaso, adzaphunzira zaka ziwiri n'kumanidwa satifiketi.

Ndalembera kulikulu. Ndayamba ndi Jesinta, kumapeto ndaulula kuti winayo ndi m'bale wanga. Chiganizo chimenecho ndachifufuta katatu, katatu ndachibwezera.

Lachiwiri, 25 Febuluwale
Yankho palibe. Kutentha, fani yafanso. Ndamugulira Fanuel ovolosi pamsika. Wogulitsa akuti, "Ndi wotalika bwanji?" Ndakweza dzanja m'mwamba, kenako ndakayika. Kaya ananenepa, kaya anaonda.

Lachinayi, 27 Febuluwale
Waimba Paison wa zamakompyuta kulikulu. "Amayi, lamulo limeneli lagwira ntchito zaka zinayi, palibe anadandaulapo." Ndati okanidwa sadandaula, amangokwera njinga kubwerera kwawo. Kenako akuti tiwerenge limodzi. 1992, 1996, 2000... Pofika 2024 ndamva akuitana mnzake.

Zaka zinayi. Angati amene ndinawabweza ndekha pa windo ili?

Lachisanu, 28 Febuluwale
2:10 masana, mayina onse awiri abiriwira. Jesinta walulutira pafoni mpaka khutu kuwawa. Ya Fanuel siikupezeka. Ndaimba kakhumi ndi kamodzi. Ndatumiza uthenga, ndatumanso kondakitala wa minibasi ya ku Marka, kumalire.

Loweruka, 1 Malichi
Tsiku la lole. Siikupezekabe.

Lolemba, 3 Malichi
Tchuthi. Ndasesa chipinda chosesa kale. Ovolosi ndaipachika pa msomali, ndaichotsa, ikuoneka ngati munthu waima.

Lachiwiri, 4 Malichi
7:40, ndili pa geti ndi kaundula, 63 alowa. Kabaza waima. Watsika bambo wowonda, imvi m'ndevu, chikwama chomanga ndi chingwe. Ndamufunsa dzina. Ine, kumufunsa dzina!

Akuti foni inagwera m'madzi sabata yatha, uthenga wamva kwa kondakitala, lole inapita yokha.

"Mana, ndachedwa?"

Ndati ayi, wafika kutatsala masiku anayi kuti akwanitse 36. Ndachonga dzina lake, cholembera chaboola pepala. Ovolosi yamukulira, tapinda miyendo kawiri.