Ming'alu Imene Amayi Anamata

Okondedwa achimwene,

Muli bwanji kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana? Chifuwa chija chinawasiya alamu? Ife kuno tiliko, Mulungu akusunga. Amayi nawonso m'thupi ali bwino, kungoti mwendo uja ukuwavutabe pokwera masitepe.

Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati foni kulibe. Pafoni paja mumandidula pakamwa ndisanafike n'pakati pomwe, basi mwayamba zoti chitsirizira angadziwe chiyani. Pepala simungalidule pakamwa. Ndilijambula n'kukutumizirani lero lomwe, ndiye chonde werengani mpaka pansi.

Mukudziwa kale kuti kuofesi kwathu tikukonza mapulani a depoti yatsopano ya mabasi. Pakati pa tauni malo anatha, ndiye anagwirizana zoti mabasi azilowa pansi pa nthaka, pamwamba pazingoyenda anthu. Ine yanga ndi yongojambula zimene mainjiniya ayeza. Tsono msewu wotsetsereka umene mabasi azidzatsikira pansipo ukudutsa kutsogolo kwenikweni kwa nyumba yosanja imene amayi amakhalamo ndi kusokeramo.

Asanakumbe chidzenje chotere, mainjiniya amayamba ayendera nyumba zonse zoyandikana nacho. Akapeza ya ming'alu amaichirikiza kaye ndi zitsulo, kapena amasuntha msewuwo. Akapeza yolimba amangopitiriza.

Ndiye amayi anamva kuti kukubwera anthu odzaona nyumba. Mukuwadziwa amayi anu akamva zoti kukubwera alendo. Anaitana mmisiri, ming'alu yonse ya m'chipinda chosokera, ngakhale waukulu uja wa pamwamba pa zenera umene malemu bambo ankangoti adzakonza, anaimata simenti n'kupaka laimu kuti mbee. Makatani anachapa, tiyi anaphika. Mainjiniya anafika, anamwa tiyi, anayamikira ukhondo, n'kukanena kuti nyumbayo ilibe vuto lililonse. Ine ndinkangoti ming'alu ija aiona n'kuiyesa yaing'ono. Mzere wa msewuwo ndinaujambula ndi dzanja langali.

Mwezi wathawu anakumba dzenje loyesera pakona paja n'kuyamba kupopa madzi a pansi. Madzi akachoka, nthaka imatsika pang'onopang'ono. Nyumba yolimba siimva kanthu, koma yong'aluka kale imatsatira.

Nditapita kukawaona amayi, ndinapeza chitseko cha kuchipinda chili chopalidwa kumene. Akuti chinkakana kutsekeka, ndiye kalipentala anachipala. Ndili chikhalire, kabobini ka ulusi kanagwa pa mashini n'kuyamba kugubuduka kokha, kuchoka pakati pa chipinda mpaka kukaima pakona. Achimwene, pansi pa chipindacho panali patapendekeka. Ndinachotsa kalendala imene anapachika pamalo achilendo, ndipo kuseri kwake mng'alu unali utatsegukanso. Chala changa chinalowamo chonse.

Nditawafunsa chifukwa chimene anamatira, anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Anati iwo sakanalandira anthu ophunzira m'nyumba yong'ambika ngati ya munthu wopanda ana.

Ndinakauza injiniya wamkulu. Sanandikalipire, anangotenga chipewa chake n'kunena kuti tiyeni. Pamng'alupo anamatapo kagalasi kopyapyala mopingasa, n'kuwafotokozera amayi bwinobwino kuti khoma likasuntha ngakhale pang'ono, kagalasiko kasweka, ndiye asakakhudze. Amayi anavomera mwaulemu, mpaka kumuperekeza pamasitepe.

Atabweranso anapeza kagalasi kali bwinobwino, koma anakayang'anitsitsa n'kunena kuti si kake. Kake kanali katasweka tsiku lomwe lija. Amayi anatsikira kwa bambo okonza mawotchi a pansi paja kukawapempha kuti awadulire kena, n'kukamata okha ndi guluu wa nsapato. Akuti ankaopa kuti aoneka ngati munthu wosasamala katundu wa eni. Ndinafuna kuseka, koma m'malo mwake misozi ndi imene inatuluka.

Pampu anaizimitsa tsiku lomwelo, ndipo mapulani tikujambulanso. Koma injiniya wanena kuti nyumbayo yasuntha kale, aliyense atuluke mpaka ataichirikiza. Okonza mawotchi aja anapakira mawotchi awo m'makatoni n'kuchoka osatsanzika n'komwe. A sitolo ya nsalu anachoka. Banja la kuseri lija linachoka. M'chinyumba chonsecho mwatsala amayi okha, pamwamba, ndi mashini awo.

Kwanga chipinda ndinakonza kale. Ndawapempha, ndawagwadira, ndawatumizira abusa, ndawatumizira azakhali. Yankho ndi limodzi: mwana wawo wamwamuna anawauza kuti asasunthe.

Eya, achimwene, nkhani yafika pa inu. Amayi akuti munawaimbira n'kuwauza kuti anthu a mapulani ndi akathyali, akangowatulutsa sadzabwereramonso, choncho akhale momwemo mpaka inu mudzabwere. Mudzabwera liti? Chaka chatha munati chaka chino. Inu munalankhula muli kutali, mutakhala pampando wabwino, khoma simunalione. Ine chala changa chinalowamo.

Sindikunena kuti munalankhula mwa nkhanza. Ndikudziwa kuti mumaopa kuti amayi angataye malo amene anatilerera, ndipo inenso zimandipweteka. Sindikunamizani: sindingalumbire kuti adzabwereramo. Mwina nyumbayo adzaichirikiza, mwina adzaigwetsa, ine sindine wogamula. Koma makasitomala amapezeka kwina, mashini amanyamulika. Amayi ena tikawatenga kuti?

Panopa sakunditchulanso kuti mwana wanga. Akumati "a ku ofesi". Akuti ndinawaulula kwa mabwana anga kuti ndikwezedwe pantchito. Dzulo ndinagogoda mpaka dzanja kuwawa, sananditsegulire. Ndinkangomva mashini akulira mkatimo, ndipo akapondaponda, timchenga tinkayoyoka pakhoma la pamasitepe n'kundigwera m'tsitsi. Ndinawakuwira kuti asiye kaye kusoka. Anayankha kuti ali ndi diresi la ukwati wa mwana wa eni, sangakhumudwitse anthu chifukwa cha mantha anga.

Kunjaku mitambo yayamba kuda. Injiniya wandiuza mosabisa kuti mvula ikagwa yambiri dzenje lija lisanakwiriridwe, iye sangalonjeze chilichonse za khomalo. Wanenanso kuti sabata ino ikatha amayi asanatuluke, abwera ndi apolisi kudzathyola chitseko. Taganizani, amayi athu, munthu wamanyazi ngati ameneyu, akunyamulidwa ngati thumba makasitomala awo akuonerera pamsewu. Zimenezo zidzawapha ngakhale khoma litawasiya.

Ndiye ndikukupemphani, achimwene anga. Musanditumizire ndalama, musanditumizire malangizo. Imbani foni. Muwauze ndi pakamwa panu pomwepo kuti munalakwitsa, atuluke. Musazungulire, musati "mwina", musati "tiona", chifukwa mukangosiya kampata akhalira pomwepo. Mawu anga ndi a chitsirizira, amangowapita pamwamba. Anu amawasunga ngati a malemu bambo. Munawatsekera m'nyumbamo ndinu, ndipo palibe wina angawatsegulire.

Kuntchito ndapempha tchuthi. Ndikangotumiza kalatayi ndinyamula bulangete, ndikukakhala pamasitepe, pakhomo pawo penipeni, ndipo sindichokapo mpaka atatsegula. Injiniya wandiletsa, ndamumva, koma sindingagone pabedi kwanga amayi ali mmenemo okha. Ndili ndi mantha kwambiri, achimwene. Mukamaganiza zoti muimba mawa kapena mkuja, dziwani kuti pansi pa khomalo tsopano tilipo awiri.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze atikumbukire m'mapemphero. Ana muwapsompsone m'malo mwanga, koma za agogo awo musawauze kaye. Ambuye akusungeni, akupatseninso mtima wofewa lero lomwe.

Ndine mlongo wanu,
Chitsirizira wa amayi