Fungo la mu huva

Chelstone, Lusaka

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wochokera kwa ine mwana wanu Veronica. Kodi mwendo uja wasiya kutupa? Ndikukudziwani, mwina mwataya kale ndodo n'kubwerera kumunda kokakumba mtedza. Chonde mverani zimene ananena adokotala. Ife kuno tadzuka bwino, mdzukulu wanu Prince wabwerera kusukulu yogonera konko, kungoti magetsi akuvuta monga mwa masiku onse.

Nditachoka ku Sinda kuja ndinafika bwino. Nyumba ndinaipeza yoyera mbee, kapeti wa pabalaza wopanda ngakhale kachitsotso. Ndinadabwa, chifukwa apongozi anu a Gerald chikwatiranireni sindinawaonepo atagwira tsache. Komabe ndinathokoza, ndimati mwina kukhala okha mwezi wonse kwawaphunzitsa.

Mukukumbukira makina akale okoka fumbi aja, amene timawatcha huva, omwe a Gerald anapatsidwa ndi abwana awo akale? Ndi nkhalamba koma sanativutepo. Loweruka nditangowayatsa, analira mosasa mawu, kenako m'nyumba monse munadzaza fungo ngati la waya wopsa. Ndinazimitsa msanga. Nditagwira pamene pali mota panali potentha mosagwirika.

Ndinafunsa a Gerald ngati anawagwiritsa ntchito ine kulibe. Anakana kwamtuwagalu, akuti sadziwa n'koyatsira komwe. Anati vuto ndi magetsi obwera mwamphamvu akazima, ndipo ndingowataya chifukwa akalamba. Munthu amene amasunga ngakhale misomali yopindika, lero akufulumira kutaya makina! Apa mtima wanga unayamba kukana.

Ndinayang'ana chingwe chonse, sichinang'ambike paliponse. Pulagi sinade. Thumba la fumbi ndinalipeza lokhuthula kale, pamene ine ndinalisiya lodzadza. Ndiye Lolemba iwo atapita kuntchito, ndinanyamula huvayo kupita nayo kwa a Ackson, amene amakonza mawailesi ndi mafani kumsika.

A Ackson anatsegula mota n'kununkhiza. Anati makaboni ake, timakala topereka magetsi mu mota, akadali bwino ndipo mawaya a mkati sanapse, koma pali chinachake chimene chikuilemetsa. Atatembenuza makinawo anaseka. Burashi yozungulira ya kunsi inali itamangika ndi tsitsi, lina litalowa mpaka pa kachitsulo ka mota. Motayo imakoka chinthu chosazungulira, lamba wozunguza burashiyo n'kumapsa. Anadula tsitsilo ndi lumo, anaika lamba wina, ndipo anandilangiza kuti ndizisesa kaye meshi, tsitsi loikirira lija, ndikamaliza kuluka.

Amayi, inu mukudziwa kuti ine sindiluka meshi. Tsitsi langa ndi lomwe lija lalifupi la kuchigwirizano cha amayi. Limene linatuluka mu huva ndi lalitali, lakuda, kunsonga kofiirira.

Ndayesetsa kudziletsa. Ndadziuza kuti mu Lusaka muno akazi ovala meshi yotere ndi ambirimbiri, ndipo a Gerald ali ndi alongo awo. Ndinafunsa mai Phiri oyandikana nafe ngati kunabwera mlendo. Anayang'ana pansi n'kuyankha kuti iwo anamva zoti ndi wachibale wanga, nchifukwa chake sanalabadire.

Pamene ndinali kwanuko kukusamalirani, mng'ono wanga Winfrida anachoka masiku angapo, akuti akukafunsira malo kusukulu ya unamwino ku Chipata. Anabwera ataluka mwatsopano, kunsonga kofiirira. Ndine ndemwe ndinamuyamikira pakhonde paja kuti zamukhala. Mwana ameneyo ndinamubereka kumsana ine. Ndikupemphera kuti ndikhale wolakwa, koma utsi sufuka popanda moto.

A Gerald sindinawauze kanthu. Huva ikugwira ntchito bwinobwino, ndipo iwo akaimva ikulira amatulukira panja.

Pempho langa ndi limodzi. Tumani munthu ku Katete kwa atsibweni a Ezekiel, popeza ndiwo ankhoswe athu, muwauze abwere kuno mwezi usanathe. Sindikufuna kuthetsa banja chifukwa cha fungo la lamba, komanso sindingapitirize kudyera mbale imodzi ndi munthu amene ndikumukayikira. Tsitsi lina ndalikulunga m'kapepala ndipo ndaika mu envulopu yomweyi. Inu maso owerengera anatha, koma mtundu mumauona.

Mundiperekere moni kwa azakhali, kwa achimwene a Yotam ndi alamu anga, ndi kwa ana onse.

Ndikudziwa kuti makalata anga amakuwerengerani ndi Winfrida. Ngati ndiwe ukuwerenga, mng'ono wanga, werenga mokweza mpaka pano, usadumphe mzere. Ukamaliza, upereke kapepalako m'manja mwa Amayi, ndipo uvule duku.

Ndine mwana wanu,
Veronica