Phazi la Jairos

Phalombe Boma
17 Okutobala 1999

Okondedwa amalume a Sitima,

Ndikupatsani moni ndi ulemu wonse. Muli bwanji kumeneko ku Kasungu, pamodzi ndi azakhali ndi ana? Kuno dzuwa lawawa. Amayi ali bwino, kupatula kuti sakudya mokwanira chifukwa cha nkhani imene ndikulemberayi.

Mchimwene wanga Jairos, muphwa wanu, anavulala mwezi wathawu. Ankakankha njinga yodzaza matumba a nandolo pachitunda cha ku Chiringa, ndiye anamva kuti thwa! kumbuyo kwa mwendo. Akuti anatembenuka kuti atukwane amene wamugenda, koma panalibe munthu. Unali mtsempha waukulu wa pachidendene umene unaduka.

Kuchipatala dokotala anatiuza njira ziwiri. Yoyamba, kupita ku Blantyre akang'ambe ndi kusoka mtsemphawo. Wosokedwa suduka kawirikawiri, koma bala la pamenepo limavuta kupola, nthawi zina limaola. Yachiwiri, kumanga chikhakha phazi litaloza pansi, kuti nsonga zodukazo zikumane n'kulumikizana zokha. Palibe mpeni, koma pamafunika miyezi, ndipo mtsempha ungadukenso.

Onse anayang'ana ine, poti ndi ine ndinapita ku yunivesite. Amalume, ine ndinaphunzira mbiri yakale, osati miyendo. Ndinayang'ana nkhope ya amayi, ndinanena kuti chikhakha.

Jairos anabwerera kuchikamwini ku Kaduya. Ndinafotokozera apongozi ake chifukwa chake phazilo laloza pansi. Anagwedeza mutu. Mpaka lero sindidziwa ngati anamva, chifukwa mukudziwa mmene mawu anga amatsikira ndikakhala pamaso pa akuluakulu.

Anthu obwera kudzazonda anayamba kuseka. Ena ankati dokotala anamanga ataledzera, ena ankafunsa ngati Jairos wasanduka mbuzi yoyendera chiboda. Mlamu wake ananena kuti kubadwa kwake sanaonepo mwendo wowongoledwa poupinda. Apongozi anaona mizere isanapangidwe, mvula ili pafupi, mkamwini ali pamkeka. Tsono ananyika chikhakhacho m'madzi, nachidula ndi chikwanje. Anawongola phazi kuti liponde pansi bwinobwino, nalimanga ndi nsungwi. Enelesi, mkazi wake, akuti Jairos sanalire, anangoluma chitenje chake mpaka kuchiboola.

Sanachite mwankhanza, amalume. Ankakhulupirira kuti akukonza.

Tinabwerera naye kuchipatala. Dokotala anamugoneka chafufumimba, nafinya katumba. Phazi silinagwedezeke. Anandigwira chala n'kuchiika pamwamba pa chidendene, ndipo chinalowa m'dzenje. Anati nsongazo zatalikirana, chikhakha sichingathandizenso. Chatsala ndi opaleshoni, ndipo tikamachedwa mtsempha ukunka nufupika. Popanda opaleshoni adzayenda ndithu, koma motsimphina: kukankha njinga ya katundu kapena kulima tsiku lonse, aiwale.

Amayi akana. Akuti bambo analowa m'chipinda chimenecho akuyankhula, anatuluka atafundidwa nsalu kumaso. Akuti mwana wawo sadulidwa mwini mbumba asananene. Jairos akufuna kupita, koma akuti sangadumphe mawu a amayi ake n'kukagona pansi pa mpeni. Ndikamulimbikitsa amangoseka, amati aphunzitsi, mwasankha kale kamodzi.

Mwina opaleshoni ikanachitika poyamba paja bwenzi pano akuchira. Mwinanso bwenzi bala litaola. Ndawerenga zimene ndapeza, ndipo ngakhale madokotala sagwirizana. Koma lero njira yatsala imodzi, ndipo khomo lake ndinu.

Lachitatu Enelesi anabwera naye kwa amayi, ati adzapume. Anabweretsa zovala zake zonse, wailesi, ndi njinga yomwe. Inu mukudziwa tanthauzo la mkamwini wobwezedwa ndi katundu wake. Ndinamufunsa Enelesi za khasu la Jairos. Anayang'ana pansi, nati khasulo walibisa kudenga, akwawo asalipereke kwa wina, lidikire mwini wake mpaka mvula yoyamba.

Mitambo yayamba kusonkhana pa Michesi.

Chonde, musadikire kulemba kalata. Imbani foni kusukulu kwathu, kapena tumani munthu akauze amayi ndi pakamwa kuti mwalola. Akamva dzina lanu adzamumasula, ndipo ine ndidzakwera naye minibasi tsiku lomwelo.

Mundiperekere moni kwa azakhali, kwa Fanny ndi Wyson. Mulungu akusungeni, akupatseninso mawu msanga.

Ndine muphwa wanu,
Doris