Lumbiro la a Wailesi

Wokondedwa mlongo wanga Chimutu,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi mlamu wanga ndi ana. Msana uja unkadandaula nawo uli bwanji tsopano? Kuno tilipo, Mulungu akutisunga. Amuna anga, alamu akowo, ali bwino, kungoti mimba yawo yayamba kumafika pakhomo eni ake asanafike.

Usadabwe kuti ndakulembera kalata ngati munthu wakalekale pomwe foni ilipo. Pa foni umakhala wothamanga, ndipo nkhani ndili nayoyi si yomvera m'njira. Khala pansi kaye.

Bambo athu tsopano ndi nzika ya dziko lino. Analumbira Lachisanu lapitali, ine ndikuona ndi maso angawa.

Iwe ndi ine unzika tinaupeza chogona. Tinabadwira kuno, kwa mayi wa kuno, basi nkhani n'kuthera pomwepo. Bambo anabwera ali mnyamata ndi lumo, sizasi ndi chipeso m'thumba, ndipo moyo wawo wonse akhala pa chilolezo cha ntchito chimene ankakachiwonjezera nthawi chikatha. Amayi ankawachonderera kuti akapemphe unzika, iwo n'kumayankha kuti mutu sufunsa chiphaso cha wometa. Koma chenicheni chinali lumbiro. Ankaona ngati kulumbirira dziko lina ndi kukana mayi awo amene anawasiya kwawo.

Kenako inabwera sitiroko ija ya chaka chatha. Iwe unangoimva, ine ndinaiona. Dzanja lamanja linafa, pakamwa panapotoka, lilime linalemera. Munthu amene msewu wonse unkamutcha Wailesi chifukwa chometa akulankhula, wolowetsa kasitomala ndi nkhani ya mpira n'kumutulutsa ndi ya ndale, anayamba kulimbana ndi liwu limodzi mpaka thukuta kamukamu.

Chimene sindinakuuze ndi ichi. Chilolezo chitatsala pang'ono kutha ndinapita ku ofesi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko. Mayi amene ndinamupeza pawindo anandiuza mwaulemu kuti chilolezo cha Bambo n'cha munthu wogwira ntchito, ndiye popeza sakumetanso, sichingawonjezeredwe. Nditafunsa kuti nanga zikatero zimatha bwanji, anati lamulo limati munthuyo abwerere kwawo.

Kwawo kuti, Chimutu? Agogo anamwalira ife tili ana. Abale awo onse anatha. Manda a Amayi ali kuno, ndipo pambali pake pali malo amene Bambo amakalimira okha udzu kuyambira tsiku la maliro. Mtima unandiwira, ndipo ndinayankhula mawu amene sindingawalembe m'kalata yoti ana angaitole.

Mayiyo anandisiya mpaka nditatopa, kenako anati njira ilipo. Anati unzika ena amabadwa nawo, ena amaupeza kudzera m'banja, koma munthu amene wakhala m'dziko nthawi yaitali popanda mlandu akhoza kuupempha yekha. Pamafunika mboni ziwiri zimene ndi nzika, mayeso a malamulo a dziko, ndipo pomaliza lumbiro pamaso pa woweruza.

Ndinakawafotokozera Bambo ndili ndi mantha, poganiza kuti akana ngati kale. Anayang'ana dzanja lawo lakufalo. Kenako anangoti tiyeni.

Za mboni ndinkada nazo nkhawa pachabe. Msewu wonse unkalimbirana. Ndipo woyamba kufika pakhomo sungamulote: a Makanika! Omwe aja ankakangana ndi Bambo za oyilo wotayikira m'ngalande ya kutsogolo kwa shopu, omwe aja ankawakuwiza kuti wobwera. Anabwera atavala jekete pamwamba pa ovolosi, n'kunena kuti akangana ndi Bambo nthawi yaitali kuposa imene akhala pabanja, choncho palibe amene amawadziwa bwino kuposa iwo. Ku ofesi atafunsidwa ngati Bambo ndi munthu wakhalidwe, anayankha kuti ndi wamakani ngati bulu, koma wobwera ameneyu ndi wathu. Mboni yachiwiri inali mayi a pagolosale, amene mpaka lero amakumbukira kuti unkawabera maswiti.

Mayeso sanavute. Munthu amene wamvera mikangano ya m'shopu yometera moyo wake wonse sungamuopseze ndi funso la ntchito ya nyumba ya malamulo. Anawalola kuloza mayankho ndi chala, ndipo anakhoza.

Vuto linali lumbiro. Adokotala anatilembera kalata yoti Bambo akhoza kungogwedeza mutu wina akuwawerengera mawuwo, kenako n'kudinda chala. Ine ndinapuma, ndinati Mulungu wayankha. Bambo atamva anamenya tebulo ndi dzanja lamanzere mpaka kapu inagwa. Zinawatengera nthawi kuti amalize, koma ananena kuti iwo si gulo woti azilowa m'dziko pogwedeza mutu. Anati anadya za dziko lino ndi pakamwa pawo, ndiye alilumbirira ndi pakamwa pomwepo.

A ku ofesi anatichenjeza kuti wosankha kulankhula yekha ayenera kunena mawu onse momveka, popanda womuthandiza. Akalephera adikire mwambo wotsatira, ndipo pofika nthawi imeneyo chilolezo chikanakhala chitatha kale. Bambo ndinawachonderera, ndinalira, ndinawaopseza kuti ndiwaneneza kwa iwe. Anangondiyang'ana ndi diso lija ankatiyang'ana nalo tikamasuntha mutu pometedwa.

Ndiye tinakazula galasi lalikulu la kushopu n'kuliimika pabalaza. M'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito ankakhala patsogolo pake ndi mpango wopukutira malovu, ine kuwerenga, iwo kubwereza. Pang'ono ndi pang'ono mawu ambiri anagonja. Koma panali pamodzi pamene pamati, “ndidzakhala wokhulupirika ku dziko lino.” Lilime likafika pamenepo linkaterereka, ndipo chimene chinkatuluka chinali chakuti, “ndidzakhala wokhululukira dziko lino.”

Tsiku loyamba alamu ako anaseka mpaka kutsokomola, Bambo nawo anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa. Koma masabata atapita liwulo likukanabe, kuseka kunatha m'nyumba. Masiku ena linkatuluka bwinobwino, mawa lake n'kubwereranso kwa wokhululukira. Ine chakudya chinasiya kulowa.

Lachisanu anavala suti ija ya paukwati wako, imene tsopano imawakulira m'mapewa. Holo yake inali ya mabenchi olimba, mbendera pakona, ndi tebulo lalitali pamene panakhala woweruza, mayi wa imvi ndi magalasi. Olumbira analipo ambiri ndithu. Panali namwino wina atavala yunifolomu yake, mtsikana wokwatiwa kuno ali ndi khanda kumsana, ndi nkhalamba ziwiri, mwamuna ndi mkazi, zimene zinathawa nkhondo kwawo ndipo zinagwirana manja mwambo wonse. Aliyense ankaitanidwa payekha, kukweza dzanja, kunena mawuwo, n'kubwerera pabenchi nkhope ikuwala.

Ataitana Bambo, woweruza anaona ndodo yawo yoyendera n'kuwauza kuti akhoza kulumbira atakhala pansi. Anakana. Anandipatsa ndodoyo, n'kutsamira tebulo ndi ntchafu, n'kukweza dzanja lamanzere poti lamanja silimvera.

Anayamba bwino, pang'onopang'ono, liwu lililonse palokha. Ine ndinkayendetsa milomo pamodzi nawo. Atafika pamalo paja anaima, anapuma mozama, ndipo holo yonse inamva bwinobwino kuti adzakhala wokhululukira dziko lino.

Wina kumbuyo anaseka. Kalata ya adokotala ndinali nditaibisa m'chikwama Bambo osadziwa, ndipo ndinayamba kudzuka kuti ndikaipereke. A Makanika anandikoka mkono n'kundibweza pabenchi, akundinong'oneza kuti injini ikamalira suigwira, ndiwasiye achikulire.

Woweruza uja sanayang'ane wotchi, sanayang'ane ine. Anaika cholembera pansi, anapinda manja, n'kudikira. Woseka uja anakhala chete. Holo yonse inangoti zii, moti tinkamva khanda lija likuyamwa. Bambo anatulutsa mpango, anapukuta pakamwa, anaubweza m'thumba mosafulumira. Anayesa, liwu linakana. Anayesanso, linakananso. Palibe anatsokomola, palibe anasuntha.

Kachitatu analidula m'zidutswa monga tinkachitira pagalasi, wo-khu-lu-pi-ri-ka, ndipo linatuluka lathunthu. Otsalawo anawamaliza mawu akukwera, mpaka lomaliza linamveka ngati la Wailesi wakale. Woweruza anaimirira, anawagwira dzanja lamanzere ndi manja ake onse awiri, n'kunena kuti kuyambira lero ndi nzika, ndipo palibe angawafunsenso kuti kwanu n'kuti.

Anthu anaomba m'manja ataimirira, anthu osatidziwa n'komwe. A Makanika ankati m'maso mwawo mwalowa fumbi, m'holo mokolopa bwino. Ine ndinalira poyera, ndipo sindichita nazo manyazi. Chibadwire sindinanyadirepo munthu ngati mmene ndinanyadira Bambo athu tsiku limenelo.

Tili panja a Makanika anayamba kuwaseka kuti anatsala pang'ono kulikhululukira dziko lisanapepese. Bambo anayankha kuti lilime silinaname. Anati dziko lako umakhala wokhulupirika kwa ilo, komanso umalikhululukira, monga mmene Amayi ankachitira ndi iwo. Atatero anafunsa kuti kalembera wa mavoti ayamba liti. Pobwerera anadandaula za maenje a mumsewu njira yonse, ndipo nditawauza kuti maenjewo akhalapo kuyambira kale, anati kale ankawaona ngati mlendo, lero akudandaula ngati mwini wake.

Zandipatsa maganizo, mlongo wanga. Ine chitupa changa chimangokhala m'chikwama pamodzi ndi malisiti akale, ndipo chisankho chapitachi sindinakavote chifukwa kunali dzuwa. Ulendo uno ndikaima nawo pamzere ngakhale kugwe matalala.

Tsopano ndifike pa iwe, ndipo usakwinye nkhope, ndine mkulu wako.

Chidwalire Bambo umandiimbira kawirikawiri, umafunsa za mankhwala, ndipo zimene umatumiza zimafika, tikuthokoza. Koma ndikangoti Bambo ali pompano lankhula nawo, pomwepo abwana ako amakuitana, kapena netiweki imathawa. Masiku ochepa amene unalankhula nawo, unkawamalizira mawu asanafike pakati, kenako n'kutsanzika. Ndikudziwa kuti si nkhanza. Zimakupweteka kumva bambo amene ankadzaza shopu ndi mawu akuvutika kutchula dzina lako. Inenso zinkandipweteka. Koma iwo amaona, Chimutu. Foni ikaduka amaiyang'ana kwa kanthawi, kenako amandibwezera.

Anandiletsa kukuuza za unzikawu. Akufuna akuuze okha, ndi pakamwa pawo. Galasi lija lidakali pabalaza, ndipo m'mawa uliwonse akumayesera zimene adzanene kwa iwe. Ndaphwanya lamulo lawo dala kuti udzakhale wokonzeka, ndiye usadzandiulule.

Kalatayi ikakupeza, Lamlungu lotsatira masana udzaimbe. Udzatseke chitseko, ana udzawatumize panja, ndipo udzadabwe ngati sukudziwa kanthu. Adzachedwa. Adzakakamira pa liwu limene iwe udzalidziwa kale, ndipo lidzakuyabwa pakamwa. Usadzawamalizire. Holo yodzaza ndi anthu osawadziwa inawadikira mpaka atamaliza, ndiye iwe mwana wawo sungalephere.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga, umuuze kuti ndamusowa. Ana uwauze kuti azakhali awo akuwafunira zabwino kusukulu. A Makanika akuti moni, mayi a pagolosale nawonso. Mulungu akusunge, akupatse mphamvu pantchito, ndi mtima wodekha Lamlungu limenelo.

Ndine mlongo wako wamkulu,
amene anakubereka kumsana mutu wakowo ukulemera kale.